Mabatire Anayi pa Shelefu ya Pamwamba

Kuseri kwa sitolo ina yaikulu, ya pamsewu wodutsa mabasi, kunali kachipinda kopanda zenera. M'kachipindamo munkagwira ntchito munthu amene makasitomala ambiri sankadziwa n'komwe kuti aliko. Anzake ankangomuitana kuti Wakuseri. Dzina lake lenileni ankalikumbukira ndi abwana okha pakutha pa mwezi, nawonso mochita kukanda m'mutu.

Ntchito yake inali yosamala mabatire. Wina angaseke kuti imeneyo ndi ntchito yanji, koma batire limavuta ngati mwana wakhanda. Silifuna kutentha, silifuna chinyontho, ndipo ukaliika m'thumba limodzi ndi makiyi limayamba kutentha lokha. Wakuseri ankasanja makatoni pamatabwa kuti asakhudze simenti, kutali ndi khoma lomwe dzuwa linkaomba masana. Akuluakulu a m'tochi ankakhala pansi, apakatikati pamwamba pake, ndipo ting'onoting'ono ta m'rimoti ndi m'zidole tinali ndi shelefu yapadera. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi katoni kukadzaza kashelefu kamawaya ka pafupi ndi kauntala, pomwe mabatire ankapachikidwa kuti ogula aziwaona. Lamulo lake linali limodzi: akale kutsogolo, atsopano kumbuyo, kuti chakale chiziyamba kutuluka. Amene tsiku lolembedwa papaketi lapitirira, kapena amene ayamba kudontha n'kuchita zoyerayera ngati mchere, ankawaponya m'ndowa ya pakhomo pa kachipindako. Ndowayo ikadzaza, ntchito yokataya inali yakenso.

Tsiku lonse munthuyu ankanyamula mphamvu zoyatsira nyumba za eni, koma kunyumba kwake wailesi inali zii. Bambo ake, omwe anakalamba akulondera nyumba za anthu, ankayanika mabatire akutha padzuwa kuti mwina amvereko nkhani pang'ono, wailesiyo n'kulankhula mawu awiri atatu basi n'kukomoka. M'nyumba ya zipinda ziwiri yalendiyo ankakhalamo iyeyo, akazi ake omwe ankachapira anthu zovala, bambo akewo, ndi mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana kosakhala pansi komwe agogo ake anakapatsa dzina loti Kamphepo. Achimwene ake, oyendetsa basi ya eni, ankabwera Lamlungu kudzamwa tiyi ndi kudzaseka umphawi wa banja lonse. Anali anthu osowa, koma phokoso la m'nyumba mwawo linkamveka mpaka kumsewu.

Chimene chinkamudya mtima Wakuseri chinali lole yoyera imene inkabweretsa makatoni. Mwini wake anali mnzake wa kusukulu, munthu amene ankakopera masamu kwa iyeyo n'kumalakwitsabe. Lero anali ndi malole, mimba, ndi mphete pachala chilichonse.

"Iwe ukadali kuseri kuno?" anafunsa mnzakeyo tsiku lina, atatsamira chitseko Wakuseri akutsitsa katundu thukuta lili kamukamu. "Udzafera m'kachipinda kano, anthu n'kudzadziwa chifukwa cha fungo."

"Nanga nditani? Si onse anabadwa ndi mwayi ngati iwe."

Mnzakeyo anaseka. "Mwayi? Mwayi amachita kukaugula, m'bale wanga. Kuseri kwa ometa tsitsi uko kuli bambo wina wokonza mawotchi. Ukamuuze kuti wotchi yako inaima. Zinazo akuuza yekha."

Mawuwo anakhala m'mutu mwa Wakuseri mwezi wathunthu. Kenako mvula inaboola denga, akazi ake anadwala chifuwa chifukwa chochapa m'madzi ozizira, ndipo Kamphepo anabwezedwa kusukulu kaamba ka nsapato zong'ambika. Masana ena, anzake atapita kukadya, Wakuseri anatseka kachipinda kake n'kulowera kwa ometa tsitsi.

Wokonza mawotchiyo sankaoneka ngati sing'anga m'pang'ono pomwe. Anali mkulu waukhondo, wa malaya osita bwino ndi magalasi pamphuno. Makoma onse a chipinda chake anali mawotchi okhaokha, onse akuyenda. Diso la Wakuseri, pozolowera ntchito, linayang'ana kumbuyo kwa wotchi ina imene inali chafufumimba patebulo. Malo oikamo batire anali opanda kanthu, koma inkamveka kugunda.

"Wotchi yanga inaima," anatero Wakuseri.

"Khalani pansi, bambo. Mumagwira ntchito yanji?"

Wakuseri anafotokoza zonse, mpaka za ndowa ya pakhomo.

"Ndiye mumataya chuma tsiku ndi tsiku," anatero mkuluyo. "Nditakuuzani kuti batire lililonse lakutha likagona m'chipinda chanucho lizidzuka lodzaza, lamphamvu kuposa latsopano, mungatani?"

"Ndingalemere."

"Mungalemeredi. Koma inu a ntchito imeneyi mukudziwa kuti mphamvu sichokera mumphepo. Kuti chikho ichi chidzaze, chinachi chiyenera kutsanulidwa. A magazi anu alipo angati? Akazi anu musawawerengere, amenewo ndi mwana wa eni."

"Bambo anga, achimwene anga, ineyo, ndi mwana."

"Anayi. Mubweretse mabatire anayi atsopano, lililonse molingana ndi msinkhu wa mwini wake, ndi tsitsi la aliyense. Ndikawakonza, mukawaike pamzere pashelefu ya pamwamba, monga mumachitira pantchito: wakale kutsogolo, watsopano kumbuyo. La kutsogolo ndilo lizidyetsa mabatire anu onse."

"Nanga mwini wake wa batirelo?"

"Azitopa."

"Kutopa basi?"

Mkuluyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono. "Ine sindinamiza anthu, bambo, n'chifukwa chake amabwerabe. Batire likatha limatani? Likadontha, mwini wake wapita, ndipo lotsatira lalowa m'malo. Mzerewo usadzachoke m'chipindamo. Kusuntha mukhoza, ndi dzanja lanu, poti katundu ndi wanu. Koma chimene chadontha sichibwerera. Ngati mtima wakana, khomo ndi ilo, sitinaonane."

Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo. Wakuseri anadzukadi, koma anaima pakhomo n'kuyamba kudziwerengera masamu ake aja. Bambo anali okalamba kale, ndipo ntchito yawo tsopano inali kuwodzera padzuwa. Kutopa pang'ono kungawasinthe chiyani? Batire lalikulu limakhalitsa. Akagwira chaka chimodzi, n'kugula nyumba, adzasiya zonse batirelo lisanafike n'pakati pomwe, ndipo bambowo adzadyako zabwino asanamwalire. Anadziuza kuti akuchitira iwo omwewo.

"Nanga ndikulipirani chiyani?" anafunsa.

"Ine ndimadya pang'ono," mkuluyo anayankha, akuyang'ana mawotchi ake. "Musade nkhawa za ine."

Lamlungu lotsatira Wakuseri anadzipereka kumeta banja lonse. Achimwene ake anaseka mpaka misozi. "Taonani, mng'ono wanga wapeza ntchito ina! Ungondisiyirako makutu, iwe." Kamphepo sanafune kukhala bata, ndipo anachita kumunyengerera kuti amudule katsitsi kamodzi ka kumbuyo. Patapita masiku ochepa, pashelefu ya pamwamba pa kachipinda kaja, kuseri kwa makatoni opanda kanthu, panaima mabatire anayi omangidwa ulusi wakuda: atatu akuluakulu, ndi kamodzi kakang'ono ngati chala cha mwana kumbuyo kwenikweni.

M'mawa mwake anatola batire limodzi m'ndowa n'kuliika m'tochi. Kuwala kwake kunamuthobwa m'maso.

Abwana anasangalala atamva kuti Wakuseri azitenga zinyalala za m'ndowa kupita nazo kwawo. Wakuseri anayamba kugulitsa mabatirewo pakatebulo pokwerera mabasi akaweruka, pamtengo wotsika. Sipanatenge nthawi mbiri inafala kuti mabatire a munthu uja satha. Mlonda wina analumbira kuti tochi yake yadutsa nyengo yonse yamvula osasintha batire. Amayi ankatumizana, amalonda a kutali ankabwera ndi zikwama. Wakuseri anayamba kuyenda m'masitolo ena kutola makatoni opitirira tsiku, eni ake n'kumamuthokoza powachotsera zinyalala. Onse ankagona m'kachipinda kaja n'kudzuka amoyo. Chaka chisanathe kashelefu ka abwana kanachita fumbi, ndipo chaka chachiwiri abwanawo, atatopa ndi malonda osayenda, anamugulitsa sitolo yonse. Anthu anayamba kumutchula kuti bwana, koma kiyi wa kuseri sankampatsa aliyense.

Banja linasamukira m'nyumba ya mpanda. Akazi ake anasiya kuchapa za eni, Kamphepo anali ndi nsapato zosintha, ndipo agogo anagulidwira wailesi yaikulu yolankhula tsiku lonse. Koma agogowo sankaimvera. Ankangoti akhala pampando, tulo. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Madokotala anayeza magazi, anayeza mtima, n'kunena kuti palibe chimene akuona, ndi ukalamba chabe.

"Mwana wanga," anatero tsiku lina bambo akewo, "ine ndalondera zaka zonsezi osagona, koma kutopa kotere sindinakuone. Ndikumva ngati wina akundimwa ndi kapaipi."

"Muzidya kwambiri, bambo," anayankha Wakuseri, maso ali pansi. Chaka chimodzi chimene anadzilonjeza chija chinali chitadutsa kalekale. Nthawi iliyonse akafuna kusiya pankakhala chifukwa: galimoto, mpanda, oda yaikulu ya mwezi wamawa. Ankakwera pamakwerero m'mawa uliwonse, n'kuona batire la kutsogolo lili loyera bwino, n'kutsika mtima uli m'malo.

M'mawa wina analipeza litachita zoyerayera kumutu. Asanatsike n'komwe pamakwerero, foni inalira m'thumba. Anali akazi ake, akulira.

Maliro anali aakulu, bokosi lokongola, ndipo anthu anayamikira mwana wodziwa kusamala makolo. Wakuseri analira zenizeni, pakuti bambo akewo ankawakonda. Koma pamene ankabwerera kuchokera kumanda anaona achimwene ake, munthu wa chifuwa ngati chitseko, atakhala pamwala m'mbali mwa njira akupuma mwawefuwefu.

"Miyendo yangolemera, mng'ono wanga," anatero achimwenewo akuyesa kuseka. "Kapena ndi chisoni."

Sichinali chisoni. Mabatire ogulitsidwa tsopano anali ochuluka kwambiri kuposa poyamba, ndipo onse ankayamwa munthu mmodzi. Pasanathe miyezi ingapo achimwene aja anawodzera pachiwongolero basi itadzaza anthu, mwamwayi ikuyenda pang'onopang'ono. Ntchito inathera pomwepo. Wakuseri anawatenga kukakhala nawo kunyumba, n'kumawagulira nyama ndi zipatso ndi mankhwala a mtundu uliwonse. Nthabwala za Lamlungu zinatha. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi mawu ankangoyang'ana kudenga, Kamphepo n'kumawakoka dzanja kuti, "Atate aakulu, dzukani tikasewere," iwo n'kungomwetulira.

Apa mantha anamugwira Wakuseri. Anatseka sitolo, n'kupachika chikwangwani choti malonda aima, n'kuthamangira kwa wokonza mawotchi.

"Ndasiya," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Sindigulitsanso. Masulani zimene munamanga."

"Mwachita bwino kusiya," mkuluyo anayankha modekha, akupotokola kasikuluwu. "Nanga amene munagulitsa kale aja ali kuti?"

"Ali kwa anthu."

"Eya. Ali m'matochi, m'mawailesi, m'mawotchi a pakhoma, m'zidole za ana. Akugwira ntchito, ndipo satha, monga munafunira. Inuyo mwasiya, koma iwo sanamve."

"Ndikaphwanya mzerewo! Ndikautaya kumtsinje!"

"Mukatero ndiye kuti mwadontheza onse atatu tsiku limodzi. Katundu ndi wanu."

Wakuseri anagwada pasimenti. "Bambo, tengani sitolo, tengani nyumba ndi galimoto. Kumbuyo kwa mzerewo kuli mwana wanga."

"Ndiye ndikazitani zimenezo? Ine ndinakuuzani zonse masanasana, simunaledzere. Walira mvula walira matope." Anaika wotchi kukhutu n'kumvetsera. "Njira ilipo imodzi, ngati muli ndi miyendo. Batire lililonse limene mungalichotse m'chinthu cha munthu n'kulibweza m'chipinda chanu, lasiya kukoka. Mukawabweza onse, otsalawo apuma."

Onse! Wakuseri anatuluka mutu ukuzungulira. Anali atagulitsa kwa anthu osawadziwa maina, kwa amalonda omwe anakagulitsanso kwa ena, m'mizinda imene iye sanapondeko. Komabe anayamba. Analengeza kuti aliyense wobweza batire lake ampatsa atsopano awiri a kufakitale. Anthu anaseka. Ndani angasinthe chinthu chosatha ndi ziwiri zakutha? Ena anayamba kuwabisa, poganiza kuti mtengo wake ukwera. Anayenda khomo ndi khomo, akuchonderera, akuwonjezera mtengo, ndipo madzulo ankabwera ndi kathumba kosadzaza n'komwe.

Achimwene ake anamwalira mwakachetechete masana ena, supuni ili m'manja.

Akazi ake anamuyang'anitsitsa pobwera kumaliro achiwiriwo. "Bambo a Kamphepo, m'nyumba muno mwalowa chiyani? Anthu awiri, matenda amodzi, madokotala osaona kanthu. Sitolo mwatseka, mukungoyendayenda kugula zinyalala. Tandiuzani."

"Palibe, mayi. Ndi tsoka chabe."

"Tsoka limeneli likudziwa bwanji kusankha a kwanu okhaokha?"

Lilime la Wakuseri linali litayamba kale kulemera. Tsopano kutsogolo kwa mzere kunali batire lake.

Anamva zimene bambo ake ankanena zija. Kudzuka pabedi inali ntchito. Kumanga zingwe za nsapato kunkamutulutsa thukuta. Akagogoda pamakomo atatu, lachinayi ankakhala pansi pakhonde la eni, mawu osatuluka. Kuyendetsa galimoto anasiya, poopa zimene zinachitikira achimwene ake. Anayesa kutuma anthu, koma otumidwawo ankagula mabatire wamba n'kumunamiza, ndipo enieniwo ankasunga okha. Ndi iye yekha amene ankawazindikira akawagwira m'manja. Ankagona chagada n'kumaganiza kuti akafa iye, kabatire kakang'ono kaja kadzafika kutsogolo, ndipo sipadzakhalanso wina wodziwa choti achite.

M'mawa wina anadzikoka mpaka kusitolo, nakwera makwerero mopumira pa sitepe iliyonse. Pashelefu panatsala awiri: lake kutsogolo, ka mwana kumbuyo. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo maganizo a ntchito yake anayamba kumunong'oneza. Lakelo linali litagwira kale ntchito, la munthu wotopa. Ka mwanako kanali katsopano, kosakhudzidwa, ndipo Kamphepo mphamvu zinkachita kumusefukira, moti aphunzitsi ankadandaula kuti sakhala pansi. Mwana akatopa amagona, mawa wadzuka. Anali atamva kuti wamalonda wina wa mumzinda woyandikana nawo wasunga makatoni ambiri a mabatire aja, ndipo akugulitsa pang'onopang'ono. Akanangopeza miyendo ya masiku awiri okha, akanakawatenga onsewo, n'kudutsanso kwa alonda ndi m'misika, kenako n'kubweza mzere mmene unalili. Sankathawa imfa, anadziuza choncho, ankabwereka chabe kuti apulumutse mwanayo.

Munthu amene anasanja mabatire zaka zonsezo, amene ankalangiza makasitomala tsiku ndi tsiku kuti kabatire ka m'rimoti sikayendetsa tochi ya mlonda ngakhale katakhala katsopano bwanji, anaiwala zimenezo pa tsiku limene zinali zofunika. Anatambasula dzanja n'kusinthanitsa.

Mphamvu zinabwerera nthawi yomweyo, ngati munthu wamuthira madzi ozizira. Anatsika makwerero modumpha, analiza galimoto, ulendo. Tsiku limenelo anagwira ntchito ya mwezi wathunthu. Wamalonda uja anavuta, koma atapatsidwa galimoto yeniyeniyo kuti ikhale yake, anatulutsa makatoni onse. Wakuseri anachita hayala lole, n'kudutsa m'misika, m'malo a alonda, kwa ogulitsa mawailesi, akugula ndi chilichonse chimene anali nacho, mpaka wotchi ya pamkono. Madzulo anaimbira foni kunyumba.

"Mwana ali bwanji?"

"Wagona msanga lero, osadya n'komwe," anayankha akazi ake. "Kapena wasewera kwambiri. Inu muli kuti?"

"Ndibwera mawa. Mumpatse mkaka akadzuka."

Mtima unamuuza kuti abwerere pompo. Koma panali patatsala msika umodzi waukulu, ndipo anati tsiku limodzi lokha silingaphe munthu.

Dzuwa lili pamutu tsiku lotsatira, foni inalira. Akazi ake sankalira, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa kwambiri. "Aphunzitsi amupeza atagona padesiki. Akumugwedeza sakudzuka. Tili kuchipatala. Bwerani."

Sanapite kuchipatala. Anauza dalaivala wa lole kuti athamangire kusitolo, ndipo njira yonse ankamenya chitseko cha lole ndi chibakera ngati kuti iyenda msanga. Anatsegula kachipinda, kiyi kugwa kawiri. Atafika pamwamba pa makwerero anaona kabatire kaja katatupa pakati, ulusi wakuda utanyowa, ndipo zoyerayera zitayenderera mpaka kukamatirira kuthabwa. Anakakanganula ndi zikhadabo, madzi ake akumuwotcha zala. Anakapukuta ndi malaya ake, anakauzira mpweya, anakabweza kumbuyo n'kuika lake kutsogolo.

"Ndabweza!" anakuwa m'kachipinda mopanda munthumo. "Ndabweza, tengani ine! Si ine ndili kutsogolo?"

Kutopa kunamugweranso pamapewa, koma zoyerayera zija zinapitirira kutuluka pa kabatire kaja pang'onopang'ono. Madzi akatayika saoleka.

Kuchipatala anapeza mwanayo ali pabedi lalikulu, akuoneka wochepa kuposa mmene analili. Dokotala anati mtima ukugunda mofooka ngati wa nkhalamba, ndipo sakumvetsa chifukwa chake. Wakuseri anagwada n'kugwira kadzanja kozizirako. Patapita nthawi maso a mwanayo anatseguka pang'ono.

"Ababa."

"Ndili pano, mayi wanga. Ndabwera."

"Ndatopa, ababa. Koma sindinathamange."

"Upume, upeza bwino. Ndakonza zonse."

"Mundinyamule popita kunyumba," anatero mwanayo, n'kutsekanso maso.

Akazi ake anali atayang'ana zala za Wakuseri zowauka ndi malaya othimbirira zoyerayera. Anamukokera pakhonde la chipatala. "Mwati mwakonza zonse. Mwakonza chiyani? Lero mundiuza, apo ayi ndikuwa mpaka chipatala chonse chimve."

Anawauza. Anayambira kwa wokonza mawotchi mpaka kumeta kwa Lamlungu lija, ndipo mayiyo anamvetsera osaphethira. Atafika pa za dzulo lake m'mawa, mawu anamuthera.

"Pitirizani," anatero mayiyo. "Mwana wanga anali kumbuyo. Anafika bwanji kutsogolo?"

"Ndinkafuna kumupulumutsa."

"Ndakufunsani kuti anafika bwanji."

"Ndinamuika ndine."

Mayiyo sanamumenye, sanamutukwane. Anangobwerera m'chipindamo n'kutseka chitseko, ndipo Wakuseri atafuna kulowa anamva mawu awo kuseri kwake: "Inu musalowe muno. Mwamugwira kokwanira." Anakhala pabenchi ya pakhonde, wopanda chochita chilichonse padziko lapansi, akumvetsera mapazi a anamwino. Dzuwa lisanalowe anamva kulira kwa akazi ake, ndipo anadziwa.

Atangoika maliro a mwanayo, mayiyo ananyamula chikwama chimodzi n'kubwerera kwa makolo awo. Sanatenge kanthu kalikonse kogulidwa ndi chuma chija, ngakhale nsapato za mwana. Wakuseri anapita kuseri kwa ometa tsitsi, koma anapeza chipinda chija chili pululu, pamakoma patangotsala misomali. Ometawo anati mkuluyo anasamuka, ndipo sanatsanzike.

Anabwerera m'kachipinda kake, n'kugona pakati pa makatoni amene anabwera nawo pa lole, kudikira kuti batire lake lidonthe. Ankayembekeza kuti zitenga sabata kapena ziwiri. Koma ulendo wake uja unali utagwira ntchito. Mabatire ambiri anali atabwerera, ndipo otsala kwa anthu anali ochepa, osakwanira kumumaliza msanga, koma okwanira kumuyamwa tsiku ndi tsiku. Mphamvu zimene anabwereka kwa mwana zinagulira iyeyo zaka zambiri za moyo. Atazindikira zimenezi anaseka, ndipo anthu odutsa pamsewu anamva kusekako mpaka madzulo. Kuyambira tsiku limenelo mutu wake sunagwirenso.

Nyumba ya mpanda inagulitsidwa, sitolo inachita dzimbiri pazitseko. Palibe amene anafuna kuigula, chifukwa makatoni a kuseri aja anayamba kudontha onse, fungo lake n'kumatsamwitsa anthu pakhomo. Mwini sitoloyo amaonekabe m'misewu ya kumeneko, munthu woonda wokoka miyendo, wopuma pakhonde lililonse. Savutitsa munthu, ndipo sapempha chakudya. Akangomva wailesi ikulira m'nyumba kapena kuona mwana akusewera ndi chidole choyenda chokha, amagwada pakhomo n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Pepani, zimitsaniko pang'ono," amatero. "Mwana wanga watopa." Ena amazimitsa pomumvera chisoni, ena amamuthamangitsa, ndipo ana amamutsatira m'mbuyo akumuyeserera.

Inu amene mumayang'ana lole ya mnzanu mtima n'kumawawa, dziwani kuti chuma chobwera chothamanga chimakhala ndi amene akuchilipira, ndipo kawirikawiri ndi amene mumadya nawo mbale imodzi. Wadyera sanena kuti ndikupha abale anga. Amati ndingobwereka pang'ono, chaka chimodzi chokha, masiku awiri okha, ndidzabweza. Wakuseri ali wosauka anali ndi bambo, mkulu wake, mkazi ndi mwana, ndipo chimene ankasowa m'nyumba mwake anali mabatire a m'wailesi. Umphawi ndi wowawa, palibe angakane, koma umakusiyira anthu ako. Dyera linamulanda onse, n'kumusiya iye yekha wamoyo kuti azikumbukira.